Zimene Ba Sakala Ankaonera Masana

Amene anandiphera ukwati ndi ba Sakala, a kuno ku George, komboni ya mu Lusaka, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa kiyosiki ya madzi. Sanandilande mkazi, sanandilodze. Ananena bodza limodzi lokha, lalifupi, pamaso pa amayi ake a mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, ndipo bodzalo ndalisenza zaka ziwiri. Anamwalira Lachiwiri sabata yatha. Tinawaika Lachisanu.

Uthenga unandipeza pa kantemba kanga kokonzera mafoni. Anabwera nawo ndi ba Mulenga, neba wawo, Mbemba amene wakhala akunyozana nawo mwachimbuya, chipongwe chamasewera cha Abemba ndi anthu a kum'mawa, kuyambira ine ndisanabadwe. Anaima pa windo, anavula chipewa.

"Iwe Yotamu, mudala wako wapita."

Ine ndinali ndikumata galasi pa foni ya munthu. Ndinamaliza kumata, ndinapukuta ndi kansalu, ndinapereka kwa mwini wake. Ku George aliyense amadziwa kuti ndili ndi mtima wapachala, ndi womwewo unandichotsa pasukulu ndili giredi naini. Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzamve za imfa yawo china chake chidzaphulika mwa ine. Palibe chinaphulika. Ndinangomva njala. Ndinagula chimanga chootcha, ndinadya chonse.

Ba Sakala anachoka ku Katete, kum'mawa, ali mnyamata. Ntchito yawo yoyamba mu Lusaka inali yong'amba matikiti pakhomo la holo ya mafilimu m'tauni, masiku amene anthu ankavala jekete pokaonera kanema. Holoyo itatsekedwa anagula tivi ndi deki ya matepi, anakhoma chipinda cha malata pambali pa nyumba yawo, anaikamo mabenchi. Chipindacho ine sindinachipeze. Koma funsani aliyense wa ku George amene wayamba kumera imvi, adzakuuzani za katoni.

Tepi iliyonse ba Sakala ankayamba aionera okha m'mawa, chitseko chotseka, wotchi pa bondo, kope la sukulu m'manja. Ankalemba mphindi imene mwamuna ndi mkazi ayamba kuvulana, ndi mphindi imene amaliza. Anthu akadzaza pa mabenchi, iwo ankaima pambali pa tivi atagwira katoni ya sopo yophwatalala. Mphindi ija ikayandikira ankayang'ana wotchi, n'kukweza katoni, n'kutseka chithunzi chonse. Mawu okha ndi amene ankamveka.

"Chosani katoni, ba Sakala!" anyamata ankakuwa.

Iwo, nkhope ili gwa, ankayankha kuti, "Palibe vamene mwaluza. Apa bakambisana chabe va sukulu ya bana."

Kuseri kwa katoni mkazi akubuula, bedi likulira. Anthu ankagwa pa mabenchi ndi phwete. Ba Mulenga amati ambiri ankabwerera katoniyo, filimu inali yongoperekeza.

Matepi atatha ntchito, chipinda cha malata chinasanduka khola la nkhuku. Ba Sakala anakhala mkulu wa mpingo, koma za zithunzi sanazisiye. Anadzipatsa okha udindo woweruza chilichonse chooneka pa tivi ndi pa foni. Ankanena kuti nthabwala yakale inkangofuna munthu, njinga ndi ngalande, koma ya lero siseketsa mpaka wina avule buluku. Ankati sewero limene uyenera kuyamba watseka chitseko kuti uonere si sewero, ndi matenda. Muyeso wawo unali umodzi, ndipo ankaubwereza paliponse, pa maliro, pa mzere wa madzi, mu minibasi: chinthu chimene sungaonere apongozi ako atakhala pa mpando wapafupi, zimitsa.

Kumene ankakonda kukanganira ndi ku babashopu ya pakona, Loweruka m'mawa. Tsitsi anali nalo lochepa, la m'mbali mokha, koma ankakhala mpaka dzuwa lifike pamutu. Masiku amenewo anyamata onse anali atapenga ndi sewero lina la pa intaneti. Linali la anthu ochita lendi okhala m'nyumba imodzi yosanja kudziko lina, ndi landilodi wawo, mayi wonenepa wa pakamwa ngati lumo. Linali loseketsa, sindikana. Koma gawo lililonse linali ndi malo amene wina amapezeka m'bedi la mnzake, ndipo sankabisa kanthu.

"Ba Sakala, ni moyo chabe uja," wometa anatero tsiku lina, makina akulira m'dzanja. "Kuno ku George sivichitika?"

"Vichitika. Koma sitiitana banthu kuti babwele batambe."

"Pali namba pakona, eitini. Wamene safuna asatambe."

Apa ba Sakala anadzuka pa benchi, nsalu yometera ili m'khosi. Anati nambalayo analembera anthu okhala ndi zipinda zambiri, kumene mwana ali ndi chitseko chake ndipo bambo ali ndi chawo. Kuno chipinda ndi chimodzi, ogonamo asanu ndi mmodzi, foni ikalira pa bedi ana amene agona pansi pa thebulo nawonso amva. Anafunsa kuti kodi nambalayo ili ndi miyendo, ingadzuke n'kutulutsa mwana panja? Amene anayankha ndi ba Mulenga, ali pakhomo.

"Musiyeni uyu wakudya mbeba. Bamudyela bizinesi. Manje azayenda na katoni pa foni iliyonse?"

"Iwe wakudya kolwe, khala zii. Kwanu nthabwala ni kuona nyani wagwa mumtengo, pambuyo pake mwamudya."

Babashopu yonse inafa ndi kuseka. Ine ndinalipo, ndinasekanso. Panthawiyo ndinkangowadziwa monga mmene aliyense ankawadziwira.

Tivi yaikulu inabwera kuchokera ku Kitwe, mphatso ya mwana wawo wamkazi. Ndine ndinaikhoma pa khoma, chifukwa kupatula mafoni ndimakhomanso mativi ndi madishi. Ndinailumikiza ku intaneti. Malo oonera masewero amafuna munthu alowe ndi dzina, ndipo iwo anati zolembetsa maina ndi zachibwana, ndiye ndinalowetsa langa. Kuyambira tsikulo, pa mndandanda wa masewero, pakona yapamwamba pankaoneka kankhope kachikasu, pansi pake mawu akuti Yotamu.

Patapita sabata anafika pa kantemba. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wogula mankhwala a manyazi.

"Ija ya landilodi," anatero motsitsa mawu. "Nifuna niione. Munthu sangaweruze mulandu wamene sanamvele. Nizalemba maminiti, nikauze mpingo."

Ndinapita, ndinawapezera, ndinawasonyeza podina. Anasankha nthawi ya masana, pamene amai Sakala ali ku maliketi kugulitsa tomato ndi kapenta. Masiku oyamba ankalembadi. Ndinaliona kope, wotchi pa bondo, monga kale. Kenako tsiku lina ndinapita kukasiya chingwe chimene anaitanitsa. Makatani anali otseka. M'kati munkamveka phokoso ngati pampu yotha mafuta. Ndinaganiza kuti akudwala, ndinakankha chitseko. Ndinawapeza atatsetsereka pa mpando, akupukuta misozi ndi chipewa, kope lili pansi.

"Vala chitseko, nkhala pansi," anatero akutsokomola. "Uyu mukazi azanipaya."

Tinaonera limodzi miyezi itatu. Ndinkatseka kantemba masana, n'kupita. Munthu uja nthabwala ankazidziwa, zimenezo ngakhale lero sindingawalande. Ankaimitsa sewero pakati n'kundisonyeza kuti landilodi uja sayankha msanga, amayamba wayang'ana munthu kuyambira ku nsapato, n'kuwerenga katatu mumtima, ndiye n'kuluma. Ankati mnyamata wa m'chipinda chapamwamba amathamangira mawu ake ngati wina amulanda, sadzapita patali. Kuseka kojambuliratu kumene amaika kumbuyo kunkawanyansa. Ankati ndi chimodzimodzi kulemba ganyu anthu olira pa maliro.

Malo a bedi akafika, ankadzuka, n'kupita kuseri kwa kabati, n'kutulutsa katoni yakale ija. Koma katoniyo anaidulira tivi yaing'ono. Pa tivi yatsopano inkangotseka pakati, mitu ikuoneka uku, mapazi uku. Ankaima pamenepo atatembenukira kwa ine, khosi litapindikira ku tivi.

"Iwe usatambe, ukalibe kukwatila."

"Nanga imwe?"

"Ine nili pa nchito."

Akakhala pansi ankanena kuti malo amenewo ndi ulesi basi, wolemba nthabwala zamuthera ndiye wavula anthu kuti nthawi ikwane. Ndikhulupirira ankanena zochokera mumtima. Mawa lake ankapitiriza gawo lotsatira. Lamlungu ankaima ku tchalitchi n'kulidzudzula sewero lomwelo mpaka thukuta, anthu n'kumadabwa kuti akulidziwa bwanji mwatsatanetsatane chonchi. Ine zinkangondiseketsa. Anandiuza kuti, "Ivi ni va ine na iwe," ndipo ndinalumbira. Bambo anga sindinawadziwe. Masana amenewo ndi okhawo amene ndinakhalapo ndi munthu wamkulu m'chipinda chimodzi tikuseka chinthu chimodzi.

Choncho nditapeza Tisa, mtsikana wa ku Kanyama wosoka zovala, panalibe wina woti ndimutume kwa makolo ake. Ba Sakala anali atamangitsa maukwati ambiri monga nkhoswe, kuno timati shibukombe. Ananyamula mbale zovundikira zofunsira mbeta, anapita ku Kanyama kawiri, kawiri konse anabwerako akumwetulira. Anandiphunzitsa zonse. Ukakumana ndi apongozi panjira upatuke. Usawayang'ane m'maso. Usalowe m'chipinda chimene akhala. Pa zokambirana, pakamwa pako ndi ine, iwe ulibe.

Kukumana kwachitatu kunagwera m'mwezi wa mvula. Ku Kanyama madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, kwawo kwa Tisa mipando inali pamwamba pa thebulo. Anagwirizana kuti nkhani ikambidwire kwa ba Sakala. Loweruka chakumasana anafika amayi ake a Tisa ndi malume ake, bambo wamagalasi, wosaseka wamba. Ankadikira wachibale wina amene minibasi yake inatitimira m'matope. Amai Sakala anali ku khitchini akuphika tiyi. Ine, monga mwa mwambo, ndinali kuseri kwa nyumba, nditakhala pa njerwa pafupi ndi khola la nkhuku, nditavala shati yobwereka.

Ba Sakala tivi yawo ankaikonda ngati mwana. Anafuna kuti alendo aione. Anati awaikire nyimbo za kwaya podikira. Koma dzulo lake masana anali akuonera okha, ine ndili ku ntchito, ndipo malaiti anapita gawo lili pakati. Tivi za masiku ano siziiwala, zimasunga pamene munthu walekezera. Anayatsa, anadina batani lalikulu lapakati, limene chala chawo chinazolowera.

Kuseri kwa nyumba ndinamva mawu. Ndinawadziwa nthawi yomweyo. Mkazi, bedi, ndi kuseka kojambuliratu kuja. Kenako mawuwo anakwera, anakweranso, chifukwa pofuna kuzimitsa ankadina pokwezera. Nkhuku zinadzidzimuka.

"Yotamu! Yotamu, bwela!"

Ndinathamanga, ndinalowa m'chipinda chimene sindinkayenera kulowa. Amayi ake a Tisa anali atadzifunditsa chitenge kumutu, atatembenukira ku khoma. Malume anali chiimire. Pa khoma panali anthu awiri amaliseche, aakulu ngati chitseko. Ndinatsomphola rimoti m'manja mwa ba Sakala, ndinadina pobwerera. Chithunzi chinachoka, panabwera mndandanda wa masewero. Pakona, kankhope kachikasu.

Malume anakonza magalasi, anayandikira, anawerenga pang'onopang'ono ngati mwana wa giredi wani.

"Yo-ta-mu."

Kunja mvula inali itayambanso. Ndinayang'ana ba Sakala, iwo anandiyang'ana. Panali njira zambiri. Akanati makina awa amabweretsa okha zinthu, akuluakulu aja akanakhulupirira. Akanati adzukulu anabwera dzulo. Akanangoseka n'kunena kuti Satana walowa m'mawaya. Munthu amene ankauza holo yonse kuti anthu akukambirana za sukulu ya ana sakanasowa chonena. Koma anandiloza ndi chala.

"Ni va uyu munyamata ivi. Nimamuuza siku na siku, samvela."

Mkamwini sanganene nkhoswe yake kuti ndi yabodza pamaso pa apongozi. Anandiphunzitsa zimenezo ndi iwo omwe. Mawu anasowa potulukira, anatsikira m'dzanja. Ndinaponya rimoti ku khoma ndi mphamvu zanga zonse. Inasweka, batire limodzi linauluka n'kukagunda amayi ake a Tisa pa bondo. Anakuwa ali m'chitenge momwemo. Malume anawagwira dzanja, anawadzutsa.

"Taona vonse viwili," anatero. "Zikomo, ba Sakala, potichenjeza."

Anatuluka m'mvula, tiyi osamwa. Patapita masiku anayi mbale zija zinabwerera, zovundikira monga zinapitira.

Tisa anabwera kamodzi pa kantemba. Sanakhale pansi.

"Ni zoona?"

"Si zoona."

"Nanga ni va ndani?"

Ndinatola sikuludiraiva, ndinayamba kumasula foni ya munthu.

"Va pa tivi sinisamala," anatero. "Na ine nimatamba ija ya landilodi pa foni, banzanga bonse ku shopu batamba. Amai chabe ndiye sibaziba. Koma kuponya vinthu pamenso pa amai banga? Lelo ni rimoti. Mailo uzaponya ine."

Pamenepo sananame, ndipo mbali imeneyo ndi yanga, sindiikankhira kwa munthu. Lero ali pa banja ndi dalaivala wa minibasi, ali ndi mwana wamkazi.

Anthu amene ndinawauza pang'ono amandifunsa chifukwa chimene sindinaulule. Ndani akanakhulupirira? Mkulu wa mpingo, mdani wa zolaula wa George yense, kumuyerekeza ndi mnyamata wosiya sukulu amene dzina lake linali pa tivi? Komanso ndinali nditalumbira. Koma chenicheni n'chakuti ndinkadikira. Ndinkafuna kuti zituluke pakamwa pawo. Ndinkaganiza kuti Loweruka lina adzakwera minibasi ya ku Kanyama, adzagwada pamaso pa malume uja, adzanena. Loweruka lililonse ndinkayang'ana msewu.

M'malo mwake anakula ukali. Ku msonkhano wa abambo anasimba za mnyamata wina amene anataya ukwati chifukwa cha zonyansa za pa intaneti. Dzina sanatchule, panalibe chifukwa chotchulira. Ku babashopu anyamata anandipatsa dzina lakuti ba Eitini. Pa kiyosiki amayi ankasuntha zigubu za ana awo aakazi ndikafika pa mzere. Amuna anasiya kundiitana kukakhoma tivi kunyumba kwawo ngati iwo kulibe. Wina anandiuza m'maso kuti, "Osati iwe, uzaniikila vija vako." Ndinamumenya, ndipo zinangowonjezera mbiri.

Ba Sakala sanapepese, koma ankazungulira. Anabwera ndi wailesi kuti ndikonze, wailesi yabwinobwino, ndinaiyatsa pamaso pawo n'kuwabwezera. Ananditumizira nsawawa za ku Katete kudzera mwa ba Mulenga, ndinapatsa wometa. Tsiku lina anaima pa windo la kantemba nthawi yaitali, akutembenuza chipewa m'manja. Ndinaika sikuludiraiva pansi. Ndinati lero ndi lero.

"Kuzizila masiku yano," anatero.

"Ee."

Anaimabe pang'ono, anavala chipewa, anapita.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu. Dzina langa pa tivi yawo sindinalichotse. Ndikanatha kuwadula ndili pa kantemba pomwepo, kudina kawiri basi. Sindinadule. Ndiye chilichonse chimene ankaonera chinkaonekanso pa foni yanga, ndi kamzere kosonyeza pamene munthu walekezera. Zitachitika zija, kamzereko kanaima masabata atatu. Kenako tsiku lina masana kanasuntha. Anali atagula rimoti ina. Kuyambira pamenepo kankayenda tsiku ndi tsiku, kupatula Lamlungu. Atamaliza sewero la landilodi analiyambiranso pachiyambi. Anapezanso ena okha, ena oipa kuposa lija. Ine ndinkakhala pa kantemba ndikuyang'ana kamzereko kakukwawa, n'kumadziwa kuti panopa mudala watseka makatani, panopa akuseka. Umboni unali m'thumba mwanga zaka ziwiri. Sindinausonyeze munthu, ndipo musandifunse chifukwa, sindikuchidziwa. Masabata awiri apitawo kamzereko kanaima pakati pa gawo. Tsiku loyamba ndinati ndi malaiti. Tsiku lachitatu ndinamva kuti anagwa ku bafa, mbali imodzi yafa, ali ku chipatala. Sindinapite.

Lachitatu m'mawa, maliro atayamba, ba Mulenga anabweranso. Anali atadzola ufa kumaso monga amachitira ambuya pa maliro a anzawo a kum'mawa.

"Amai bakuitana. Bakuti tivi ichoke pa chipupa, wamene anaikhoma ndiye aziba mochosela."

Ndinatenga zida, ndinapita. Kunali kulowa kwanga koyamba kuchokera tsiku lija. Pa maliro chipinda chochezera amachikhuthula kuti amayi akhale pansi. Masofa anali panja pansi pa tenti, abambo atakhalapo. Kabati anaikokera ku chipinda chogona. Makatani anawachotsa, dzuwa linkalowa mpaka m'makona, ndipo chipindacho chinkaoneka chaching'ono kuposa mmene ndinkachikumbukira. Pa simenti yofiira ndi polishi panatsala timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inkaponda, ndi malo awiri oyera pamene zidendene zawo zinadya polishi. Fungo la mafuta awo opaka m'mawondo linali likadalipo. Nditatsitsa tivi, pa khoma panatsala mabowo anayi ndi chigamba cha penti yowala, yosada ndi utsi ngati kwina konse. Chapansi pake panali kachibowo pamene rimoti inagunda. Sanakamate.

Amayi ena anali atatuluka kukathandiza kuphika. Munatsala amai Sakala okha pa mphasa, atatsamira khoma. Ndinkakulunga mawaya nditawafulatira.

"Mwana wanga," anatero, "ine nenze kuziba."

Ndinapitiriza kukulunga.

"Nikabwela ku maliketi, tivi yotentha monga mbaula, beve menso yofiila na kuseka, ati nenze kupemphela. Zaka zonse izi nakhala nabo, ningalephele kuziba? Siku ija nenze pa khomo ya khitchini na tiyi mumanja. Ninamvela vonse."

"Simunakambe."

"Nine mukazi wabo." Anakonza duku. "Ninabauza, yendani ku Kanyama mukakambe. Banavala jekete katatu. Katatu konse banafika pa siteshoni, babwelela. Ati ba Sakala bakakamba ivi, ndani azabamvela futi mu George? Maukwati yonse yamene banamanga, banthu bazakamba chani?"

Ndinamanga mawaya ndi kachingwe, ndinaika m'thumba.

"Yotamu, niziba mutima wako. Pa Chisanu usakambe vinthu pa bokosi. Baleke bayende na ulemu wabo. Ndiye chinthu chimozi chamene basala nacho."

Ndinanyamula tivi, ndinakaiika pa bedi lawo, ndinaifunditsa bulangeti.

Lachisanu tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Olankhula anati mudzi wataya mlonda. Wina anati ba Sakala anaima pakati pa ana athu ndi zonyansa za dziko kwa zaka zonse za moyo wawo, anthu anavomera ndi mitu. Mabanja amene anawamangira ukwati anauzidwa kuti aimirire, anaima ambiri, ena ndi makanda kumsana. Ine ndinali pa benchi yakumbuyo. Mbali ya amayi ndinaona amayi ake a Tisa. Mpingo wawo wa ku Kanyama ndi umodzi ndi uno, anabwera ndi basi yonse.

Itakwana nthawi yoona nkhope, tinandanda. Ba Mulenga anali patsogolo panga. Atafika pa bokosi anawerama, ufa ukugwa kumaso kwawo.

"Uka, iwe wakudya mbeba. Ulesi chabe. Manje nizatukana ndani?"

Anthu anaseka pang'ono, iwo anachoka akupukuta m'maso ndi mkono. Ndisanasunthe ndinamva wina akutsokomola kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Anali malume ake a Tisa, magalasi omwe aja, pakati pathu palibe munthu. Anandizindikira, anayang'ana kumbali. Kutsogolo, pa mpando wa ofedwa, amai Sakala anali atakweza mutu, maso ali pa ine.

Mawu ndinali nawo. Ndinawakonza zaka ziwiri, pa kantemba, mu minibasi, pa mzere wa madzi. Anali ambiri, otentha, oti tchalitchi chonse chimve mpaka panja. Ndinafika pa bokosi. Nkhope yawo inali yaing'ono, mbali imodzi yokokeka, thonje m'mphuno. Anawaveka jekete lija. Ndinaima ndikudikira kuti moto ubwere monga umabwerera nthawi zonse. Sunabwere. Ndinangoona mdala wotopa, milomo yotsekedwa bwinobwino. Wosungitsa mzere anandigwira pa chigongono kuti ndisunthe.

Ndinawerama. Sindinanong'one, sindinakuwe, ndinalankhula ndi mawu amene ndimalankhulira ndi munthu wobwera ndi foni pa windo. Ngati malume anamva, sindinacheuke kuti ndione.

"Ba Sakala, ni Yotamu. Ija ya landilodi inali yanu, imwe muziba. Ine nalema kuinyamula. Tengani, muyende nayo."